Kabowo Kosuzumira pa Gogodera ya Bambo Anga

Lolemba

Pulani ya sabata ino ndi yaing'ono: kupambana mpikisano wa Loweruka. Kupambanako kukavuta, kungolasako chandamale kamodzi anthu akuona.

Ndilembe zonse bwinobwino, kuti tsiku lina ndikadzafuna womuloza chala ndisadzavutike kumusaka.

Kalabu yathu ili kuseri kwa Romford, kumene nyumba zimathera n'kuyamba makola a akavalo. Timaombera mfuti zamakedzana, zija kwathu timati gogodera. Wonga umathirira kukamwa kwa mfuti, kenako kampira ka mtovu, n'kugogodera ndi kandodo mpaka pansi. Kuombera kamodzi, utsi ngati wina akuwotcha matayala. Mamembala ake ndi madala achizungu okhaokha, kuphatikiza ine. Anandipititsako ndi a Dennis. Ndinkasamalira akazi awo, a Jean, m'wodi miyezi yawo yomaliza. Maliro atatha bambowa anabwera kuchipatala ndi keke, n'kundifunsa ngati ndimakhala ndi chochita Lamulungu masana. Zaka zonse ndakhala mu London muno palibe mzungu amene anandiitanirapo kwina kulikonse kosakhala kuntchito. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse 2 koloko amandidikira pa siteshoni ya Romford m'kagalimoto kawo kobiriwira. Mfuti ndimaombera yawo, ine ndilibe laisensi. Loweruka ndikwanitsa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa, ndipo ndi iwo amene asayine fomu yanga kuti ndikhale membala weniweni.

Vuto lake: sindiona.

Ndalemba basi. Sindinauzepo munthu. Pamfuti pali kamphanda kumbuyo ndi kamsonga kutsogolo. Umalowetsa kamsongako m'kamphandamo n'kuloza pachandamale. Ine chandamale ndimachiona, koma timphanda ndimaona tiwiri, ndipo kamsonga kamamera ubweya. Ndinayesa mobisa magalasi owerengera amene akazi anga, mayi a Tadala, anandigulira. Kamphanda kanaoneka, chandamale n'kusowa. Ndinawabweza m'dirowa. Komanso kukalabu ndinanena kale kuti ndine mwana wa mlenje wotchuka wa ku Mchinji. Mwana wa mlenje angadandaule maso?

Dzulo ndinasuzumira pamfuti ya mdala wina woombera patali. M'malo mwa kamphanda pali kachitsulo kozungulira kokhala ndi kabowo kakang'ono ngati ka singano. Eni ake amati pipu saiti. Mayo ine! Kamsonga ngwee, chandamale ngwee. Maso a zaka makumi awiri anabwerera ndili chiimire.

Koma pali a Malcolm, mlembi wa malamulo, munthu woyenda ndi galasi lokulitsira zinthu m'thumba la malaya. Akuti m'gulu lathu la mfuti za alenje kabowo n'koletsedwa. Kabowo kanali ka mabwana oombera mapepala, alenje akale ankangodalira kamphanda. Pokhapokha munthu abweretse umboni woti mlenje wa nthawi imeneyo anali nako.

Pamenepo m'pamene pakamwa panga pananditsogolera.

“Gogodera ya bambo anga inali nako.”

A Malcolm anakweza nsidze. A Dennis anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono, maso ali waliwali. Ine ndinangogwedeza mutu ngati munthu wokumbukira za kale.

Zofunika sabata ino:
1. Kabowo.
2. Umboni.
3. Kusiya kuyankhula.

Chinthu china chondidabwitsa pa madala amenewa ndi umbombo. Penshoni ali nayo yabwinobwino, koma pafupifupi aliyense magalasi ake ali ndi chigamba cha tepi wakuda pakona. Ngakhale a Dennis. Sindinafunsepo. Ndinaleredwa ndi anthu ine, munthu wamkulu sindingamufunse za chigamba chake.

Lachiwiri

Lero ndili pa ofu kuntchito. Ndakwera basi mpaka ku Peckham, kwa a Tembo.

A Tembo ndi a ku Chipata, timapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo amakonza magalimoto m'kagalaja ka pansi pa mlatho wa sitima. Sitima ikamadutsa, masipanala onse amavina pakhoma. Ndawajambulira kabowoko papepala. Sanafunse n'komwe kuti n'ka chiyani.

“Mudala, aka ni kanchito ka five minutes chabe.”

Maola atatu. Atenga washala, kachitsulo kozungulira kobooka pakati, amuwotcherera pa kachitsulo kochokera ku waipa yopukutira galasi la vani yakufa, apinda, asula, apindanso. Pansi aikako kakilampu kuti kazigwira mfuti popanda kuboola thabwa. Mfuti ya a Dennis si yoiboola, imeneyo n'chuma. Katuluka kanthu kooneka bwino ndithu, kungoti kakunyezimira ngati supuni ya paukwati. A Malcolm zonyezimira amadana nazo.

A Tembo akuti ndikaviike mu viniga ndi mchere, mawa kadzaoneka ngati kachokera kumanda. Ndawaonetsa timanambala todindidwa m'mbali mwa kachitsuloko.

“Ivo musadandaule, rust izabisa.”

Ndabwerera ku Woolwich ndili ndi chimwemwe cha mwana wa sukulu. Ndisanakaviike ndakamangirira pa ndodo ya mopu kuti ndiyeserere. Ndagwada pabalaza, chigongono pampando, diso pakabowo. Zoona! Nsonga ya mopu ikuoneka, ndiponso wotchi ya kukhitchini ikuoneka, zonse nthawi imodzi. Ndapha wotchi kanayi, ketulo kawiri, ndi chithunzi cha apongozi kamodzi, mwangozi.

Mayi a Tadala alowa kuchokera ku shifiti, aima pakhomo ndi chikwama chawo.

“Bambo a Tadala, mop imeneyo ndi ya ku bathroom. Mukamaliza nkhondo yanuyo muibweze.”

Ndawafotokozera za mpikisano. Za bambo anga sindinatchule. Akuti bwanji osangopita kwa opima maso, pamsewu waukulu pomwepa. Akazi saona kusiyana pakati pa maso ndi ulemu wa munthu.

Kabowo kali m'botolo la jamu pawindo, kakutuluka thovu. Nyumba yonse ikununkha tchipisi.

Lachitatu

Dzimbiri lagwira. Ndipo lagwira mopitirira! Ndikanakhala kuti sindinaone a Tembo akuwotcherera, inenso ndikanalumbira kuti kachitsuloka kanaona nkhondo za makolo.

Shifiti ya m'mawa. Poweruka ndapita kunyumba kwa a Dennis, si patali ndi chipatala, kuti tiyese ngati kakilampu kakukwana pamfuti yawo. Mawu ndinawakonza kale m'sitima: ndapangitsa kofanana ndi ka bambo anga, momwe ndikukumbukira. Bodza lake laling'ono, lotha kunyamula ndi dzanja limodzi.

Ndafutukula kampango patebulo. A Dennis avala magalasi awo achigamba aja, awavula, apita kukatenga magolovesi oyera.

“Kameneka n'kenikeniko? Kochokera pamfuti ya bambo anu?”

Munthu wamkulu wakufunsa m'nyumba mwake, wakupatsa kale tiyi ndi bisiketi. Ndati ee.

Ee! Kachilembo kamodzi kobwereza. Ndikanatha kutsokomola. Ndikanatha kugwetsa kapu.

Kenako mabuku ayamba kutsika m'mashelefu. Akuti kabowo si kachilendo ayi, n'kakale kwambiri. Mfuti zina za Aturuki zinali nako, zina timabowo tingapo, kamodzi pamwamba pa kanzake, kuti munthu azisankha malinga ndi kutalika kwa mtunda. Andionetsa zithunzi. Akuti kwa zaka zambiri akhala akuganiza kuti luso limeneli liyenera kuti linatsika ndi amalonda a minyanga kuchokera kugombe la nyanja ya mchere mpaka kumtunda kwathu, ndipo osula zitsulo akwathu analitengera. A Malcolm akhala akuwaseka. Amati mfuti zimene zinkapita kwathu zinali mipope wamba yotchipa, yopanda ngakhale kamphanda. Awiriwa akhala akukangana za nkhaniyi kuyambira tsitsi lawo lili lakuda.

Ndiye lero umboni walowa wokha pakhomo, utavala yunifolomu ya kuchipatala.

Zimene andifunsa, ndi zimene ndayankha:
Bambo anaitenga kuti mfutiyo? Kwa agogo.
Agogo anaitenga kuti? Kwa Mwarabu wina.
Dzina lake? Ankangoti Bwana.
Nyama zimene inapha? Njati. Ziwiri.

Njati yachiwiri sindikudziwa kumene yachokera. Ndimangoona a Dennis akulemba, ine n'kumawonjezera, ngati momwe umawonjezerera ndiwo mlendo akamadya mokoma.

Kabowo sindinabwere nako. Akuti kagone kwawo kuti akajambule. Alowa kuchipinda, atuluka ndi kabokosi ka nsalu yofewa yofiira. Akuti munkakhala ndolo za a Jean. Washala wa a Tembo wagona mmenemo.

Akuti Loweruka, mpikisano usanayambe, apempha mphindi khumi kuti ayankhule kwa mamembala onse. Akufunanso ndifunse kumudzi ngati alipo wamkulu amene anaiona mfutiyo.

M'sitima ndakhala moyang'ana nsapato zanga kuchokera ku Romford mpaka ku Whitechapel. Sindinayambe ndadzidapo chonchi.

Lachinayi

Maganizo atsopano, obwera ndikutsuka mano: nanga bwanji ngati n'zoona? Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chimene ndimakumbukira ndi mfuti yopachikidwa pamwamba pa chitseko, basi. Mwina inalidi ndi kabowo! Mwina si bodza, ndi magazi akuyankhula.

Pa buleki ya kuntchito ndaimbira malume ku Mchinji. Atsala okha mwa anthu amene ankadya ndi bambo mbale imodzi. Netiweki yavuta, akwera pachulu. Tapatsana moni, tawerenga odwala onse, tadandaula za mvula. Kenako ndafunsa ngati gogodera ya bambo inali ndi kabowo kosuzumira.

Malume aseka. Aseka mpaka kutsokomola, mpaka ndamva wina akuwamenya kumsana.

“Iwe, ukunena chimpope chija?”

Zimene ndaphunzira m'mphindi khumi, nditaima pafupi ndi mabini a zinyalala a kuseri kwa wodi:

Mfutiyo sinachokere kwa Mwarabu. Anaisula ndi munthu wokonza njinga, kuchokera ku paipi ya chiwongolero cha lole.
Inalibe kabowo, inalibe kamphanda, inalibe kamsonga. Bowo linali limodzi, lotulukira utsi.
Bambo poombera ankatembenuzira nkhope kumbali n'kutsinzina, chifukwa inkalavula moto chakumbuyo.
Ntchito yake inali yoopseza anyani m'munda wa chimanga. Anyaniwo anazolowera, ankangosunthira mzere wina.
Chinthu chokha chimene inalasapo ndi denga la nkhokwe yathu yomwe, ndipo linapsa.
Njati bambo anaionapo pa chikuto cha buku la sukulu.

Ndafunsa za nyama imene ndimakumbukira tikudya. Akuti ankapatsidwa ndi alenje enieni akawasokera zigamba. Bambo anali telala wa pakhonde la sitolo. Zimenezo ndimazidziwa, kungoti ku London ndinazisiya pa bwalo la ndege.

Malume atasiya kuseka anena china. Akuti bambo maso anawathera msanga. Ulusi m'singano ankawalowetsera ndi mayi, mayi akachoka ankaitana aliyense wodutsa pamsewu.

“Koma abambo ako sankabisa. Ankangoti, anthuni sindiona, tandithandizeni. Ndipo anthu ankawakonda nazo.”

Ndati netiweki ikuduka. Sinaduke.

Ndabwerera m'wodi, ndasintha mabedi anayi. Ndawanamizira bambo anga ali m'manda. Ndawavula utelala wawo n'kuwaveka njati ziwiri, ngati kuti momwe analili sanali okwanira. Zandiwawa kuposa momwe ndimayembekezera.

Uthenga wa a Dennis pafoni: kodi amalume atsimikiza? Ndautalikitsa mkono wonse kuti ndiuwerenge. Ndayankha kuti akuikumbukira bwino kwambiri mfutiyo. Limenelo lokha si bodza.

Lachisanu

Lero ndiwauza. Ndatsimikiza.

Njira zake:
1. Kuwaimbira n'kunena zonse.
2. Kuwalembera kalata, kuiponya pakhomo pawo, n'kuthawa.
3. Kupita kwawo, kupempha madzi akumwa, n'kumeza kabowoko.
4. Kudwala.

Ndayamba ndi kuuza mayi a Tadala, ngati kuyeserera. Amva zonse akusita yunifolomu. Sanaseke, ndipo ndikanakonda akanaseka. Akuti munthu amene uja anandikhulupirira ndi mkazi wake akumwalira, ndiye ine ndikumubwezera washala.

“Aimbireni. Now now, ndili pompano.”

Ndaimba. Ndisanamalize moni a Dennis ayamba kale. Akuti asindikiza mapepala oti agawire aliyense, okhala ndi mapu ndi mivi yoloza njira ya amalonda. Akuti asita shati. Akuti kuyambira pamene a Jean anapita, sabata ino ndi yoyamba kudzuka m'mawa ali ndi chifukwa chotsegulira makatani. Kenako akuti andithokoze, poti ndawapatsa chinthu cha bambo anga, chimene munthu sapereka kwa aliyense.

Ndati palibe kanthu, a Dennis. Ndati tionana mawa.

Mayi a Tadala azimitsa ayironi, atuluka m'chipindamo osandiyang'ana.

Ndaimbira a Tembo kufunsa ngati dzimbiri lija lingachoke munthu atapukuta. Akuti zimatengera wopukutayo. Ndawafotokozera za a Malcolm ndi galasi lawo.

“Ah, mudala. Uyo azapeza.”

Lachiwiri sananene choncho!

Masana onse ndakhala ndikudzitonthoza. Mwina a Malcolm adwala chimfine. Mwina kugwa mvula yoti mpikisano ulephereke. Ndayang'ana zanyengo: dzuwa tsiku lonse. Dziko lino mvula imagwa tsiku lililonse kupatula limene ukuifuna.

Ndasita malaya anga. Ndapukuta magalasi otetezera maso amene timavala poombera. Pulani yatsopano: ndikawauza m'galimoto, pakati pa siteshoni ndi kalabu. Ndi ulendo wa mphindi makumi awiri, ndipo nkhani yake ndi ya mphindi imodzi.

Loweruka

M'galimoto sindinawauze. Avala tayi. Kabokosi kofiira kali m'thumba la jekete, ndipo akumakagwiragwira tikaima pamaloboti. Fomu yanga ndaiona m'kakabati ka kutsogolo kwa galimoto pamene amatenga maswiti. Akuti asayina tikamaliza, pamaso pa onse.

M'kanyumba ka kalabu mwadzaza. Madala onse, ena ndi akazi awo, masangweji patebulo. A Dennis aimirira. Ayankhula bwino, anthu inu! Aturuki, zombo, minyanga, osula zitsulo akwathu amene akuti dziko silinawapatse ulemu wowayenera. Atchula bambo anga ndi dzina lawo, ndipo alitchula molondola, zikuoneka kuti anayeserera. Anthu awomba m'manja akundiyang'ana. Ine ndikumwetulira ngati munthu amene wakhalira msomali.

Kabokosi kayamba kuzungulira. Kafika kwa a Malcolm.

Galasi latuluka m'thumba. Kenako kansanza. Kenako kabotolo ka mafuta. Munthu amayenda ndi mafuta m'thumba! Apukuta kamodzi, kawiri. Awerenga timanambala tija mokweza, kamodzikamodzi, ngati akulengeza nyimbo kutchalitchi. Mdala wina wa kumbuyo, amene anagwira ntchito m'galaja moyo wake wonse, wapempha kuti aone. Wakatembenuza kamodzi kokha. Akuti ndi waipa ya vani, ya kumanzere.

Wina waseka, n'kusiya msanga.

Apa m'pamene pandipweteka kwambiri. A Dennis sanandiyang'ane n'komwe. Ayang'ana a Malcolm, nkhope ili psuu, n'kunena kuti mwina kachitsuloko kanakonzedwapo pambuyo pake, poti kumudzi anthu sataya chinthu. Akuti munthu uyu, kunena ine, amamudziwa, anamuona akugwira ntchito pamene panalibe womuona, ndipo sanganame.

Ndaimirira. Ndanena zonse: a Tembo, viniga, mopu, paipi ya lole, nkhokwe. Njati zonse ziwiri ndazibweza. Ndati bambo anga anali telala. A Malcolm afunsa, osati mwaukali, kuti nanga zonsezi n'chifukwa chiyani.

“Sindiona,” ndatero. “Kamphanda sindikaona.”

Kenako a Malcolm avula magalasi awo n'kundipatsa.

“Muno alipo amene amakaona?”

Ndayang'ana chigamba chija pafupi, koyamba m'miyezi isanu ndi umodzi. Si chigamba. Ndi katepi ka magetsi kodulidwa bwinobwino, ndipo pakati pake pali kabowo koboola ndi singano yamoto. Madala ena nawonso akuvula awo, akundionetsa, aliyense akunyadira kabowo kake. Akuti lamulo la kalabu limaletsa kabowo pamfuti, chifukwa mfuti iyenera kukhala momwe inalili kale. Koma pankhope pako ndi pako, ukhoza kumatapo chimene ukufuna. Aliyense amauzidwa zimenezi tsiku limene wadandaula za maso. Ine sindinadandaulepo.

Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala pakati pa anthu osaona anzanga, ndikuwanena umbombo mumtima!

Mpikisano wachitika. A Dennis andibwereka mfuti monga mwa nthawi zonse, andiyezera wonga. A Malcolm, a Malcolm enieniwo, andidulira katepi n'kundimatira pa magalasi anga otetezera maso. Ndagwada, ndasuzumira. Kamphanda kamodzi. Kamsonga kopanda ubweya. Chandamale.

Ndalasa katatu mwa kasanu. Kamodzi pafupi ndi pakati penipeni. Madala akuwa, wina wandimenya paphewa. Ndatembenuka kuti ndione a Dennis. Anali m'kanyumba muja, akutolera mapepala awo a mapu m'mipando, limodzilimodzi.

Pobwerera wailesi sanatsegule. Tadutsa makola a akavalo, tadutsa maloboti onse. Ndapepesa kawiri, angogwedeza mutu. Pa siteshoni azimitsa injini, atulutsa kabokosi, achotsamo washala n'kundipatsa m'manja. Kabokosiko abweza m'thumba.

“Za chitsulochi ndidzaiwala. A Malcolm adzandiseka mpaka ndidzafe, zimenezo n'zanga. Koma ine munandiona ndikulira m'wodi muja, munandigwira dzanja. Inu mwakhala pambali panga miyezi yonseyi osandiuza kuti simuona.”



Kakabati ka kutsogolo kaja, mmene munali fomu yanga, sikanatsegulidwe. Nthawi zonse ndikamatsika amati, Lamulungu, nthawi yomweyo. Lero angoti muyende bwino.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. A Tembo afunsa ngati kanagwira ntchito. Ndati kanagwira. Akuti ndikafuna kena ndingonena.

Zimene sabata ino yabala:
Washala mmodzi, ali m'dirowa pamodzi ndi magalasi owerengera.
Botolo la jamu lonunkha viniga.
Pepala la chandamale la mabowo atatu. Mayi a Tadala afunsa ngati ndikufuna alipachike. Ndati ayi.
Tsiku lokaonana ndi opima maso, Lachinayi likubwerali. Ndalembetsa ndekha.
Bambo anga, telala. Ndawabwezera makina awo osokera.

Pulani ya Lolemba inali yoti ndilase kamodzi anthu akuona. Ndalasa katatu. Sindikudziwa kuti ndikadandaule kwa ndani.

Mayi a Tadala akuti ndiwapatse nthawi bambowo, ndisapite. Ndavomera, kenako ndavala jekete. Ndilibe nkhani ina yochita Lamulungu masana, ndinaiwala kale zimene ndinkachita.

Romford, 2 koloko isanakwane. Ndaima pamalo pathu, pafupi ndi poimika njinga. Ndakonza zonena, zazifupi, zopanda njati. Foni ndaigwira m'manja kuti mwina alemba, koma popanda magalasi timalemba take sindikutiona. M'thumba la jekete ndapezamo magalasi otetezera maso a dzulo aja, katepi ka a Malcolm kakadali pomwepo. Ndawavala. Anthu akundiyang'ana, ayang'ane.

Kabowoka kamagwiradi ntchito, ngati momwe madala aja ananenera. Ukasuzumira, chapafupi ndi chakutali zimaoneka bwino nthawi imodzi. Tsopano ili 3 koloko. Foni ndikuiona bwinobwino, mulibe uthenga. Msewu ndikuuonanso mpaka kumaloboti, mulibe galimoto yobiriwira.